Dzungu la Mawaya

Pulani inabadwira kuseri kwa chigayo cha pa Nsaru, Lachitatu masana, pamene mayi wina amagulitsa masese m'zipanda. Azamba ake anali atatu: Amosi, Simoni ndi Rabson. Tsoka la mwanayo, azamba onse atatu anali atamwa.

Amosi ndiye anali mwini zimkuzamawu zobwereketsa pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa mpira. Dzina loti Amosi linkatuluka pakamwa pa mayi ake ndi pa chibwenzi chake basi. Ena onse, kuchokera pa Nsaru mpaka kwa Kabudula, ankamutcha Bomba. Dzinali linachokera ku kabokosi kake kotchedwa piriampu, kamene kamakhala pakati pa maiki ndi ampu yokweza mawu, kulandira mawuwo n'kuwanenepetsa asanapite ku masipika. Kabokosi ka Amosi kanali kopanda mwambo. Ukangokalumikiza ku batire n'kukayatsa, masipika onse ankati PHUU! ngati wina waombera njovu kuseri kwa nyumba.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Pa ukwati wina kwa Kabudula, ng'ombe zokoka ngolo zinadzidzimuka n'kuthawa ndi keke, mkwatibwi akuona, ndipo kekeyo anakaipeza kudambo agalu atayamba kale madyerero. Pa mpira wina, goloboyi anangomva PHUU! n'kugona chafufumimba manja ali m'mutu, mpira n'kulowa mwaulemu. Anthu anayamba kubwereka makina a Nellie, mayi wokonza mawailesi pamsika, amene kabokosi kake kankayaka mwakachetechete ngati mlendo wolowa pamaliro.

Zonsezi Amosi akanapirira, koma panali Ireen. Loweruka likubweralo kunali chinkhoswe cha mkulu wake wa Ireen kumudzi kwawo, cha kwa Kabudula, ndipo atsibweni awo, a Yakobo, bambo odwala mtima, anali atamuitana Amosi n'kumulankhula mosapsatira.

"Zoimbira ubweretse ndiwe, tikuone ntchito yako. Koma makina akowo akaphulika pakhomo panga, za Ireen uiwale. Ife mwana sitikwatitsa kwa mfuti."

Ireen anayesa kumuthandiza. "Bwanji osapita kwa a Nellie akakukonzereni? Akuti si ntchito yaikulu."

"Ine Bomba, ndikagwade kwa mzimayi wowotcherera mawaya?" anatero Amosi. "Bola ndikawete abakha."

Ireen anangosenza ndowa ya mtedza wa m'munda mwake n'kulowera njira ya kumsika, ndipo sabata imeneyo anasenza choncho katatu. Amosi anaona, koma sanafunse kuti mtedzawo ukupita kuti.

Ndiye nayu tsopano kuseri kwa chigayo, chipanda m'manja, nkhope ili khuma.

"Aise, vuto lako ndi laling'ono," anatero Simoni. Simoni ankatchedwa Injiniya chifukwa tsiku lina anagwirizirapo makwerero anthu a magetsi akukoka waya, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi sikuludiraiva kuseri kwa khutu. "Sayansi imati chako chikakukana, umatenga cha mnzako."

"Ukunena kuba?"

"Kubwereka mwini asakudziwa. Lolemba tibweza."

"Dilu imeneyo ndi ya bho," anavomereza Rabson, amene ankadzitcha Mphaka ponena kuti amayenda mosamveka, chonsecho ankavala majombo olira kwichikwichi. "Ine ndikhala mlonda panja. Ndikalira ngati tambala kamodzi, ndiye kuti njira ili yeretu. Ndikalira kawiri, liwiro la mtondo wadooka."

"Nanga tikakanyamulira m'chiyani? Chikwama anthu amachikayikira."

Simoni anatseka maso, sayansi ikuwira m'mutu. "Dzungu. Unamvapo wapolisi akusecha dzungu?"

Anthu atatu aja anayang'anizana. Nzeru zoterezi, anagwirizana, boma likungozitaya kumudzi.

"Dzungu ndipeza ine," anatero Rabson. "Musandifunse."

"Koma Nellie amandidziwa nkhope," anadandaula Amosi.

"Uvala chipewa cha njinga yamoto, chija chotseka mutu wonse. Iwe ntchito yako ndi manja basi. Kukamwa ndisiyire ine."

Anagundanitsa zipanda, masese n'kutayikira pa majombo a Mphaka.

Lachisanu m'mawa msika unadzaza. Magetsi anali atathima, choncho Nellie ankatenthetsa chitsulo chake chowotcherera pambaula, kuseri kwa shopu. Pathebulo lake panali timabokosi tiwiri: kakale kokandikakandika, ndi katsopano kopakidwa utoto wabuluu, kakununkhirabe penti.

Simoni analowa atanyamula wailesi yakufa. Pambuyo pake panalowa chimunthu cha mutu wa njinga yamoto chitakumbatira dzungu.

"Takulandirani, bambo," anatero Nellie. "Anzanuwo akudwala mutu?"

"Ndi amanyazi. Mayi, ine ndine injiniya mnzanu, ndabwera ndi kawailesi aka. Koma ndikuyeseni kaye. Chimachititsa n'chiyani kuti makina aziphulika poyatsa?"

Nellie anali munthu woti ukamufunsa za ntchito yake, nkhope imawala. Anaika wailesi pambali.

"Munathirirapo kudimba, eti? Mukatsegula ngalande mwadzidzidzi, madzi oyamba amabwera ndi ukali, amakokolola ndi mbewu zomwe. Magetsi a batire ndi chimodzimodzi. M'kati umu muli timigolo timene timati makapasita. Poyatsa timakhala topanda kanthu, ndiye magetsi amathamangira kukatidzaza, ndipo kugunda kumeneko sipika imakulandira ngati khofi. Ndiye bomba lake limenelo."

"Ndikudziwa, ndikudziwa," anatero Simoni, maso ali pakabokosi kabuluu.

"Tsono ine ndimaika rezisita yoti magetsi azilowa pang'onopang'ono, ndi ina yotaya otsalira mukazimitsa. Koma chachikulu ndi ichi, mumvetsere. Potulukira mawu ndimaikapo kachitseko, rileyi. Mukayatsa, kachitseko kamayamba kakhala kotseka, kagetsi aka kali kofiira, ndipo ngakhale mukuwe bwanji pamaiki, kunja sikumveka kanthu. Muwerenge modekha mpaka khumi, madzi akhazikike. Mumva kuti tha! Getsi lasanduka lobiriwira, chitseko chatseguka. Kuchokera pamenepo chilichonse mungalankhule, mudzi wonse wamva."

"Ndikudziwa, ndikudziwa."

Sankadziwa kanthu, abale. Mawu onsewo analowa khutu limodzi n'kukatulukira kumene kunali sikuludiraiva. Amosi naye, m'chipewa muja, ankangomva kupuma kwake komwe ndi mtima ukugunda. Nzeru yonse imene ikanamupulumutsa inanenedwa ulere pamaso pake, iye ali mbuu ngati nkhuku yovindikiridwa dengu.

"Dikirani nditenge chitsulo pamoto, tione wailesi yanuyi," anatero Nellie, n'kutulukira khomo lakuseri.

Amosi anavundukula chivindikiro chimene anadula pamwamba pa dzungu. Manja anapita okha pa katsopano, pakuti wakuba sasankha chakale. Kabokosi kanalowa m'dzungu ngati kanabadwira momwemo.

Panja, Mphaka anaona kuti njira ili yeretu, n'kukweza khosi: "Kokoliliko!" Kamodzi, monga mwa pangano. Chimene Mphaka sanaganize n'chakuti anaima pafupi ndi ogulitsa nkhuku. Tambala wa m'dengu loyamba anayankha. Wachiwiri anamutsutsa. Posakhalitsa msika wonse unali kokoliliko yekhayekha.

"Ndi kamodzi kapena kawiri?" anafunsa Simoni, miyendo itayamba kale kuyankha.

Amosi sanamve funsolo, koma ataona Injiniya akuuluka, naye anautsa liwiro. Galasi la chipewa linali litachita nthunzi, ndiye anayamba wagunda mphuthu ya chitseko, kenako thumba la makala, kenako mbusa wina. Anakwerana atatu panjinga imodzi ya Rabson, dzungu lili pakati ngati wodwala.

"Dzungulo bwanji, bambo?" anafuula mayi wina.

"Lagulidwa kale!" anayankha Simoni, njinga ikupepeluka.

Madzulo a tsikulo Amosi anakumana ndi Ireen pachitsime, maso a mtsikanayo ali psuu.

"Walira chiyani?"

"Pali china chimene ndinakonza, chandisokonekera."

"Usade nkhawa, mawa uona zodabwitsa," anatero Amosi, akudziguguda pachifuwa. Apanso sanafunse zambiri. Kabokosi nako sanakayese, chifukwa batire linali likutchajidwa pa sola ya wometa tsitsi mpaka m'mawa.

Loweruka pakhomo pa a Yakobo panadzaza anthu. Amayi anali mbwee ndi zitenje zofanana, abambo pamipando ya kusukulu, ana m'mitengo. A Yakobo, posafuna kufera pachinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo, analamula kuti makina akakhale kutali, m'balani ya fodya ya njerwa imene inali yopanda kanthu chigulitsireni fodya. Waya anayenda mtunda wautali kukafika pamtengo wa mango, pamene anamangirira masipika awiri a lipenga, kukamwa kwake kutaloza pabwalo, msana utaloza kubalani.

Amosi ndi Simoni akulumikiza mawaya, Rabson analowa akupuma wefuwefu.

"Magaye, zavuta. Nellie watsika pa kabaza, wanyamula chikwama."

Amosi anataya waya pansi. "Watitsatira?"

"Kabokosi kasatuluke m'dzungu," analamula Simoni. "Tibowole."

Anabowola mabowo atatu: awiri a mawaya, limodzi lolowetsa chala pa swichi. Kagetsi kaja kanatsala m'kati, kukawalira nthanga.

Tsono gulu ili linali ndi mwambo wake. Zaka zonse za mabomba zinawaphunzitsa kuti asanayatse makina, aliyense azitseka makutu ndi thonje. Simoni anatulutsa thonje m'thumba n'kugawa.

"Koma aka sikaphulika," anatero Amosi.

"Sikanatizolowere. Ika."

Anaika, aliyense makutu onse awiri, n'kukanikiza ndi chala. Rabson anaima pakhomo kuyang'ana khamu. Amosi anayatsa ampu, anagwira maiki, anapempherako pang'ono, n'kulowetsa chala m'dzungu.

Bomba silinalire. Amosi anamwetulira mano onse pamtunda. Anauzira pamaiki msangamsanga.

"Fuu, fuu! Wani-tuu, wani-tuu!"

Anayang'ana Rabson. Rabson anayang'ana pabwalo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka, ngakhale mwana. Rabson analowa, n'kutseka chitseko, n'kupukusa mutu.

"Zii!" anakuwa, poti ndi thonje m'makutu munthu salankhula, amakuwa.

M'dzungu muja kachitseko ka Nellie kanali kakuwerenga mwakachetechete: zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri.

"Makina amoyo amatsokomolako ngakhale pang'ono!" anakuwa Simoni, akugogoda dzungu ndi sikuludiraiva. "Aka kafa!"

Palibe amene anaganiza zozimitsa. Chakufa umachizimitsiranji? Palibenso amene anakumbukira thonje. Amosi anali chigwirire maiki, akuigwedeza ngati chimanga chootcha.

Zisanu ndi zinayi. Khumi. Tha!

Pabwalo nthawi imeneyo n'kuti mwambo utafika pachimake. Ankhoswe akuchimuna anali atanyamula tambala, a Yakobo atanyamula thadzi, kuti asinthane. Anthu onse anali chete, kudikira mawu a akuluakulu. Mawu anabweradi, koma anachokera mumtengo wa mango, omveka bwino kuposa mawu alionse amene makina a Amosi anatulutsapo.

"TABA CHINTHU CHAKUFA!"

Tambala anasiya kuphupha. A Yakobo anatsala thadzi ali m'malere.

"Ndiwe unasankha!" unayankha mtengo ndi mawu a Simoni. "Pathebulo la Nellie panali tiwiri, iwe n'kutenga kopentapenta!"

"Iwe unati ndiwe injiniya! Mayi uja analankhula nthawi yonse ija, anati chiyani?"

"Za madimba!"

"Inu mukudandaula chiyani?" analowerera Rabson. "Wovutika ndine. Ndalira ngati tambala msika wonse ukundiona. Dzungu ili ndinakalitenga pakhonde pa a Yakobo omwewa, galu wawo n'kundiluma kuthako, mpaka pano ndikukhalira mbali imodzi!"

Amayi ena anagwira pakamwa. Galu wa a Yakobo, atamva mawu odziwika, anadzuka n'kuyamba kuuwa mtengo.

M'balani, Amosi anakhala pansi pafupi ndi batire. Ukali unamuthera, mantha enieni n'kumugwira. Bola bomba lija, chifukwa anthu ankadziwa kuti makina alipo. Koma chinkhoswe chopanda nyimbo? Anaona Ireen akumutayika, ndipo chinamupweteka mumtima kuposa mphuthu ya dzulo ija.

"Ine Ireen ndimamukonda, anthu inu!" anakuwa, misozi ili lengelenge. "Ndikamutaya ndikhala munthu wanji?"

Pabwalo amayi anati, "Ooo!" Ena anayang'ana Ireen mwachifundo. Akanathera pomwepo, mwina nkhaniyi ikanapita kwina. Koma pakamwa pa Amosi panalibe rileyi.

"Ukanangopita kwa Nellie akakukonzere kako kaja!" anakuwa Simoni.

"Ireen ankanenanso zomwezo! Koma ine ndingamvere nzeru za mkazi? Nzeru za mkazi zimathera pa mafuwa! Zonsezi n'chifukwa cha nkhalamba ija ya mtima wa nkhuku, yoopa ndi kutsokomola kwa sipika komwe!"

A Yakobo anayang'ana thadzi amene anali m'manja mwawo, kenako anayang'ana kubalani.

Chitseko chitatseguka, kuwala kunalowa pamodzi ndi chinkhoswe chonse. Patsogolo panali Ireen, pambali pake Nellie ndi chikwama chake, kumbuyo a Yakobo ndi thadzi wawo. Amosi anaona milomo ya anthu ikuyenda koma osamva kanthu. Ireen anamuyandikira, anatambasula dzanja, n'kumuzula thonje khutu limodzi.

"Kodi..." anayamba Amosi.

"KODI," unatero mtengo wa mango patali.

Amosi anayang'ana maiki m'dzanja lake. Anayang'ana dzungu. Simoni anachotsa sikuludiraiva kukhutu n'kuibisa m'thumba, pamene Rabson anayesa kuzemba mosamveka, majombo n'kumuulula pa phazi loyamba.

Ireen anagwada, anavundukula dzungu, n'kutulutsa kabokosi kali nthanga zokhazokha, kagetsi kake kakuwala mobiriwira. Anakapukuta ndi chitenje chake chatsopano. Kenako anakatembenuza chagada n'kukaika pamaso pa Amosi. Kunsi kwake kunali zilembo za penti yoyera, zolembedwa mosamala: AMOSI.

"Werengani," anatero.

Amosi anawerenga. Anawerenganso. Dzina linali lomwelo.

"Mtedza wanga wonse wa chaka chino ndinasenza pamutu mpaka pa Nsaru, maulendo atatu, kuti a Nellie akupangireni kanu. Ndimati ndidzakupatseni lero m'mawa, musachite manyazi pamaso pa atsibweni. Dzulo ndikukatenga, ndikumva kuti kabedwa. Ndalira usiku wonse kukulirirani inu. Ndiye wakuba wake ndinu? Mwaba chanu chomwe?"

"Ine ndabwera ndi kanga kakale aka," anawonjeza Nellie, akutsegula chikwama, "kuti ndikubwerekeni, mwambo usaonongeke. Mukanangofunsa, bambo. Anzanuwa ndinawauza zonse, mpaka kuwerenga kwake."

"Ndimadziwa," anayamba Simoni, koma mayi wina anamutseka pakamwa ndi chivindikiro cha dzungu.

A Yakobo anakonza kukhosi. Anali munthu wosunga mawu awo, ngakhale atatchedwa nkhuku pamaso pa asebere.

"Chilungamo n'chilungamo," anatero. "Ndinati makina akaphulika, za Ireen aiwale. Makina sanaphulike. Za dzungu ndi zina zonsezi akayankha kwina, koma pa mawu anga aja, ine sindingakanize."

Mtima wa Amosi unadumpha. Anakweza maso, chiyembekezo chitabwerera ngati galu wothamangitsidwa. Ireen anatambasula dzanja, ndipo iye anaganiza kuti akumudzutsa. Koma Ireen ankafuna maiki. Anailandira, anaiyandikiza pakamwa, n'kulankhula modekha, mopanda kukuwa, ndipo kabokosi kake kananyamula mawuwo bwinobwino kukafika kwa munthu wotsiriza pabwalo.

"Atsibweni, musavutike. Ndakana ndekha. Nzeru zanga ndibwerera nazo ku mafuwa."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo, ngakhale pa ukwati weniweni sizinamvekepo.

Apolisi akumudzi sanavutike ndi kufufuza, poti umboni unali utaulutsidwa kale pa masipika awiri. Anawakweza atatu aja pangolo ya a Yakobo, atawamanga ndi chingwe chimodzi, ulendo wa kupolisi. Rabson anakhalira mbali imodzi, dzungu lili pamiyendo ngati umboni. Simoni ankafotokozera woyendetsa ngolo kuti vuto linali chinyezi cha m'dzungu. Njira yotulukira pamudzipo inali imodzi yokha, yodutsa pakati penipeni pa bwalo.

Ngolo ikunyamuka, Amosi anaona Nellie akutulutsa makina m'balani n'kuwaika pathebulo poyera, pafupi ndi mpando wa a Yakobo. Anazimitsa zonse kuti alumikize bwino. Kenako anagwira dzanja la Ireen n'kuliika pa swichi.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Amosi analakalaka bomba. Anapemphera kuti PHUU! mmodzi yekha alire, ng'ombe zidzidzimuke, zithawe nawo kudambo ngati keke ija, kutali ndi maso onsewa. Ireen anayatsa. Amosi anapezeka akuwerenga yekha chamumtima, mpaka khumi. Nyimbo inayamba mofewa, yokoma, amayi n'kulowa m'bwalo. Ng'ombe sizinagwedeze ndi khutu lomwe. Zinayenda pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, kudutsa pakati pa anthu ovina, ndipo aliyense anapeza mpata womuona bwinobwino.